Matenda a maganizo alibe kachipangizo koyezera, nanga kuchipatala amatani nawo?

 Ena muli m'basi kupita ku shifiti ya usiku, ena muli pa bureki kuntchito, ena mwaika foni pambali mukuvundula nsima. 

Lero tikamba za matenda a maganizo, koma osati nkhani ija yakuti anyamata tizilankhula, tisamasunge zinthu mumtima. Imeneyo ndi yoona ndipo yamveka mokwanira. Ine ndikufuna tiyambire pamene nkhani imeneyo imathera. Mwalimba mtima, mwalankhula, mwafika kuchipatala. Kenako chimachitika n'chiyani? Dokotala amadziwa bwanji dzina la vuto lanu? Nanga n'chifukwa chiyani anthu awiri a vuto lofanana, opatsidwa mapiritsi ofanana, wina amachira pomwe wina amangosowa osabwereranso?

Ine ntchito yanga ndi ya makompyuta, ndine amene mumandiimbira mu ofesi pulinta ikakana kapena pasiwedi ikatsekeka. Zimene ndikambe pano ndi zimene ofufuza anapeza ndi kulemba, kuphatikizapo maganizo anga apa ndi apo. Za mankhwala anu enieniwo, mukakambirane ndi dokotala wanu.

Tiyambe ndi malungo, chifukwa tonse tikuwadziwa. Amakubaya chala, kadontho ka magazi pa kapulasitiki kaja, mudikire mphindi 15 kapena 20. Mizere iwiri, ndi malungo. Kachipangizo kameneko sikasamala kuti ndinu wa mtundu wanji kapena mumalankhula chilankhulo chanji. Pa matenda ovutika maganizo, aja amati depression, kachipangizo kotere kulibe. Pa schizophrenia kulibe. Pa bipolar kulibe. Akakutengani magazi, cholinga chake n'kuona ngati palibe china chimene chikuyambitsa zizindikirozo, monga vuto la chithokomiro, kuchepa kwa magazi kapena matenda ena amene amafika ku ubongo. Akakujambulani mutu, akufuna aone ngati mulibe chotupa. Zimenezo zikachoka panjira, chotsala ndi kucheza basi. Dokotala amafunsa, inu mumayankha, amaona mmene mukuonekera, nthawi zina amafunsa achibale, kenako amaweruza.

Ndiye funso n'lakuti, madokotala awiri akaona munthu mmodzi, amaweruza mofanana? Funso limeneli analifufuza kalekale. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, anthu anadabwa kuti zipatala za ku New York zinali ndi odwala schizophrenia ochuluka kwambiri poyerekeza ndi zipatala za ku London. Kodi ku America anthu amadwala kwambiri? Ofufuza a mayiko awiriwa anajambula pa vidiyo odwala akucheza ndi dokotala, n'kuonetsa mavidiyo omwewo kwa madokotala a mbali zonse ziwiri. Pa wodwala wina, madokotala 69 pa 100 alionse a ku America anati ndi schizophrenia. A ku Britain amene ananena zimenezo anali 2 pa 100 alionse. Munthu yemweyo, vidiyo yomweyo. Kusiyana kunali m'mitu ya madokotala.

Zimenezi zinachititsa manyazi, ndipo ndi chimodzi mwa zifukwa zimene mu 1980 bungwe la madokotala a matenda a maganizo ku America linatulutsa buku lawo la DSM lokonzedwa mwatsopano, motsogozedwa ndi Robert Spitzer. Anati tisiye zongoganizira, tilembe mndandanda. Mwachitsanzo, kuti anene kuti munthu ali ndi depression, pa zizindikiro 9 akhale nazo zosachepera 5, kwa masabata awiri kapena kuposerapo, ndipo chimodzi mwa izo chikhale kukhumudwa kapena kusasangalatsidwa ndi zinthu zimene ankazikonda. Zinazo ndi monga kusowa tulo kapena kugona kwambiri, kusafuna kudya, kufooka, kudziona wopanda pake, kulephera kuika maganizo pa chinthu, ndi kuganiza za imfa. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lili ndi buku lake lofanana nalo lotchedwa ICD, ndipo ndi limene mayiko ambiri amagwiritsa ntchito.

Kwa ife a makompyuta zimenezi n'zosavuta kumva. Munthu akaimba kuti intaneti sikugwira, ndimatsegula tiketi, ndipo tiketiyo imafuna ndisankhe gulu: netiweki, pulogalamu, makina. Gululo limathandiza kuti tiketi ipite kwa munthu woyenera komanso kuti tonse mu timu tizimvana. Koma gululo silinena chimene chawonongeka. Matiketi 10 a netiweki akhoza kukhala ndi zifukwa 10 zosiyana. Dzina la matenda a maganizo ndi lotero. Limafotokoza zimene zikuoneka, limatsegula khomo la chithandizo, koma silikuuzani kuti chayambitsa n'chiyani mwa inuyo.

Ndipo ngakhale ndi mndandandawo, kugwirizana sikunafike pamene ambiri timaganizira. Pokonza DSM yachisanu, imene inatuluka mu 2013, anayesanso: madokotala awiri aone wodwala mmodzi aliyense payekha. Pali muyezo umene amagwiritsa ntchito, pamene 1 ndi kugwirizana kotheratu ndipo 0 ndi ngati kungoponya ndalama m'mwamba. Pa matenda obwera munthu akakumana ndi zoopsa, aja a PTSD, anapeza 0.67, zomwe n'zabwino. Pa schizophrenia 0.46. Pa depression, matenda amene ali ofala kwambiriwo, 0.28 yokha. Sindikunena izi kuti muzinyoza madokotala, ayi. Ndikunena kuti dzina limene mwapatsidwa tsiku loyamba ndi poyambira. Likhoza kusintha dokotala akakudziwani bwino, ndipo muli ndi ufulu wofunsa kuti mwafika bwanji pa dzina limeneli.

Tsopano apa ndi pamene nkhaniyi imatikhudza ife amene tili kunja kuno. Ngati chida chachikulu cha dokotala ndi kucheza, ndiye kuti chilankhulo ndi chikhalidwe zili mkati mwa chidacho. Kwathu munthu sanena kuti ndili ndi depression. Amati ndikuganiza kwambiri. Amati mtima ukundiwawa, mutu ukutentha, thupi lonse laphwanyika, tulo sakubwera. Mukamasulira mawu amenewo m'Chingerezi liwu ndi liwu, dokotala akhoza kukutumizani koyeza mtima n'kukubwezani kuti muli bwinobwino. Mbali inayo ndi yoopsa kuposa. Munthu amene wakulira m'pemphero akanena kuti Mulungu wandilankhula, kapena wina akanena kuti agogo anga amene anamwalira anandibwerera kutulo, kwathu palibe amene angadabwe. Dokotala amene sadziwa zimenezo akhoza kulemba zina. Mabuku awo amachenjeza ndithu kuti chikhulupiriro chimene anthu a kwanu onse amachivomereza si chizindikiro cha matenda, koma dokotala angadziwe bwanji za kwanu ngati sanafunse, ndipo inu simunafotokoze?

Ku England kuli ziwerengero zimene zimandisowetsa mtendere. Anthu akuda amasungidwa m'chipatala mokakamizidwa, pansi pa lamulo la Mental Health Act, kuposa katatu poyerekeza ndi azungu. Kafukufuku wamkulu wotchedwa AESOP, amene anachitika ku London, Nottingham ndi Bristol, anapeza kuti matenda osokoneza mutu, aja munthu amamva mawu kapena kukhulupirira zinthu zimene palibe, amapezeka kangapo kuposa mwa anthu akuda, a ku Caribbean ndi a ku Africa omwe. Koma ofufuza atayang'ana ku Jamaica, Trinidad ndi Barbados, sanapeze kuchuluka kotero. Ndiye si za magazi athu. Ena amati mbali ina ndi kulakwitsa kwa madokotala. Ambiri amaloza moyo wa kuno: tsankho, umphawi, kusungulumwa, kukhala wosiyana ndi aliyense amene wakuzungulira. Mkanganowo ukupitirira. Chimene kafukufuku yemweyo anaonetsa poyera ndi njira imene timafikira kuchipatala. Anzathu ambiri amadzera kwa GP. Ife ambiri sitidzera kwa GP, ndipo apolisi amakhala pakati kawirikawiri kuposa mmene zimakhalira kwa anzathuwo. Munthu wofika usiku ndi apolisi, wamantha, wosagona masiku angapo, amaonedwa mosiyana ndi munthu wofika yekha masana.

Tipite ku mankhwala, ndipo pano ndidutsa mwachangu. Funso limene ndimalimva kawirikawiri n'lakuti mapiritsi a depression amagwiradi ntchito kapena ndi bizinesi chabe? Mu 2018, Andrea Cipriani wa ku Oxford ndi anzake anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku 522, anthu oposa 116,000, mankhwala a mitundu 21. Onse 21 anaposa mapiritsi ongonamizira opanda mankhwala. Koma kuposako sikunali kwakukulu. Kafukufuku wina wa ku America wotchedwa STAR*D, wa anthu pafupifupi 4,000, anapeza kuti pa mankhwala oyamba, munthu mmodzi mwa atatu alionse ndi amene anachira n'kutheratu zizindikiro. Otsalawo anafunika kuwonjezera, kusintha kapena kuyesa njira ina.

Taganizirani tanthauzo lake. Mwapita kwa dokotala, akupatsani mapiritsi. Pamatenga masabata angapo kuti muyambe kumva kusintha, pomwe zovuta zake, monga nseru kapena kusokonekera kwa tulo, zimatha kuyamba sabata yoyamba. Ndiye masiku oyambirira mukumva kuipa kokha. Kuwonjezera apo, mwayi ndi waukulu kuti mankhwala oyambawo sakhala omaliza. Ndipo matenda amene mukudwalawo ndi amene amachotsa mphamvu yoimba foni, yodikira pa mzere, yodandaula. Munthu amangosiya. Kuchipatala amaganiza kuti wachira, popeza sanabwerenso. Pamenepa ndi pamene anthu ambiri amatayikira, ndipo ndi pamene pali kafukufuku amene wandichititsa kukonza pulogalamu ya leroyi.

Mu ntchito yathu, tiketi yoopsa kwambiri si yovuta ayi. Ndi imene ilibe mwini. A netiweki akuti ndi ya a pulogalamu, a pulogalamu akuti tinawayankha kale, mwini vuto watopa wasiya kuimba, ndipo pakatha masiku angapo makina amaitseka okha kuti yatha. Palibe amene anakana kugwira ntchito. Kungoti panalibe munthu amene ntchito yake inali kuonetsetsa kuti vutolo lathadi.

Ku Seattle, pa University of Washington, dokotala wina dzina lake Wayne Katon ndi anzake anayamba kuyesa njira ina m'zaka za m'ma 1990. M'Chingerezi amati collaborative care, kunena kuti chisamaliro chogwirira limodzi. Kapangidwe kake ndi aka. Wodwala amakhalabe kwa dokotala wake wa masiku onse, sapita ku chipatala cha misala. Koma pamawonjezeka munthu wachiwiri, kawirikawiri namwino kapena phungu, amene ntchito yake ndi kutsatira. Ameneyu ali ndi mndandanda wa odwala ake onse. Amaimba foni. Mwayamba kumwa? Akukuvutani? Tulo muli nato? Amathanso kupereka uphungu waufupi. Ulendo uliwonse amafunsa mafunso omwewo 9 a pa fomu yotchedwa PHQ-9, imene imapereka nambala kuyambira 0 mpaka 27, kuti aone ngati ikutsika. Wachitatu ndi katswiri wa matenda a maganizo. Iyeyu saona wodwala aliyense. Amakhala pansi ndi wotsatira uja, nthawi zambiri kamodzi pa sabata, n'kudutsa mndandanda wonse, makamaka amene nambala yawo yaima. Uyu tiwonjezere mankhwala, uyu tisinthe, uyu ndimuone ndekha.

Mu 2002, Jürgen Unützer ndi anzake anafalitsa zotsatira za kafukufuku wotchedwa IMPACT m'magazini ya zachipatala ya JAMA. Anatenga okalamba 1,801 a zaka 60 kupita m'tsogolo, m'zipatala zazing'ono 18 za ku America, n'kuwagawa mwamayere. Ena alandire chithandizo cha masiku onse, ena njira yogwirira limodziyi. Patatha chaka, pa gulu la masiku onse, 19 pa 100 alionse ndi amene zizindikiro zawo zinatsika ndi theka. Pa gulu linalo anali 45 pa 100 alionse. Panalibe mankhwala atsopano. Mapiritsi anali omwe aja amene anali kale m'mafamase. Chatsopano chinali chakuti tiketi inali ndi mwini.

Anthu anakayika kuti mwina zimatheka ku America kokha. Anayesa ku England, m'zipatala za ma GP ku Bristol, Manchester ndi London, pa kafukufuku wotchedwa CADET amene anatuluka mu 2013. Kusiyana kunali kocheperako koma kunalipo, ndipo zambiri ankachitira pa foni. Mu 2012 a Cochrane, amene ntchito yawo ndi kusonkhanitsa umboni wa zachipatala, anaphatikiza kafukufuku 79 wa njira imeneyi n'kupeza kuti imathandiza pa depression ndi pa nkhawa. Kunena zoona, pa nkhani za matenda a maganizo si zinthu zambiri zimene zayesedwa kangapo chonchi n'kumatuluka mofanana. Komabe simudzaziona pa TikTok, chifukwa namwino woimba foni Lachiwiri m'mawa alibe chokopa.

Tsopano mukhoza kunena kuti zimenezo ndi za mayiko olemera, amene ali ndi anamwino oti azikhalira kuimba foni. Tiyeni tipite ku Harare. Amene mukumvera ku Zimbabwe mukuidziwa bwino Mbare, komwenso kuli abale athu ambiri amene makolo awo anachokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique. Dixon Chibanda ndi dokotala wa matenda a maganizo, mmodzi mwa ochepa kwambiri m'dzikomo. Iye amafotokoza poyera za wodwala wake wina, mtsikana wokhala kutali ndi Harare, amene anadzipha chifukwa kunyumba kunalibe ndalama ya basi yobwerera kudzaonana naye. Zitatero anaona kuti kudikira odwala mu ofesi sikungathandize dziko lonse. Mu 2006 anayamba ndi agogo aakazi 14 ku Mbare, amene ankagwira kale ntchito za umoyo m'dera. Chipinda panalibe, ndiye anaika benchi ya matabwa panja pa kiliniki. Ndi mmene Friendship Bench inayambira.

Zinthu ziwiri zimandisangalatsa pa ntchito imeneyi. Choyamba ndi mawu. Sanabwere ndi liwu lakuti depression. Anagwiritsa ntchito liwu la Chishona lakuti kufungisisa, lomwe ndi kuganiza kwambiri kwathu kuja. Ndipo fomu imene amayezera, ya mafunso 14, inakonzedwa ku Harare komweko m'zaka za m'ma 1990 ndi Vikram Patel ndi anzake, atamvetsera mmene anthu eniake amafotokozera kuvutika kwawo. Chachiwiri n'chakuti agogowo sangopereka malangizo monga amachitira agogo athu, kuti limba mtima mwana wanga, zidzatha. Anaphunzitsidwa njira. Munthu afotokoze mavuto ake onse, asankhe limodzi limene angayambe nalo, aganize yekha njira zingapo, asankhe imodzi, akayese, abwerenso adzanene mmene zayendera. Amakumana mpaka ka 6. Ndipo agogowo sali okha. Ali ndi owayang'anira, ndipo munthu akaoneka kuti ali pangozi yodzipha kapena sakusintha, amamutumiza kwa namwino kapena dokotala.

Anayesa mwa kafukufuku weniweni, ndipo zotsatira zinatuluka mu JAMA mu 2016. Anthu 573, ambiri mwa iwo amayi, m'makiliniki 24 a mu Harare. Patatha miyezi 6, pa gulu limene silinakhale pa benchi, pafupifupi theka anali adakali ndi zizindikiro za depression. Pa gulu la pa benchi anali pafupifupi 14 pa 100 alionse. Njirayi yafikanso ku Malawi, kumene yayesedwa m'makiliniki a HIV ndi a matenda monga shuga ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo fomu ya PHQ-9 ija ilipo m'Chichewa, inayesedwa kwa odwala a ku Malawi. Kwathu kumene akatswiri ndi owerengeka, ndipo anthu akamva Zomba Mental amaganiza kuti munthu watha, kupeza chithandizo pa kiliniki yomweyo imene mumatengera mankhwala a shuga ndi nkhani yaikulu.

Chenjezo limodzi, chifukwa nkhani ya agogoyi ndi yokoma ndipo anthu amaikokomeza. Benchi ndi ya depression ndi nkhawa. Munthu amene akumva mawu, amene sagona masiku anayi akulankhula mosalekeza, amene akukhulupirira kuti anthu akumutsatira, ameneyo akufunika dokotala ndi mankhwala, ndipo msanga.

Ndiye tifike pa nkhani imene ndikudziwa kuti ena mukuidikira. Munthu akadwala chonchi, foni yochokera kumudzi siyamba ndi dokotala. Amayi amati tiyeni kwa abusa akamupempherere. Amalume amati mwanayu amulodza chifukwa cha ulendo wakunjawu. Ife amene tinapita kusukulu timakwiya, mkangano umabuka pa gulu la WhatsApp la banja, ndipo wodwalayo amakhala pakati, aliyense akumukokera kwake.

Oye Gureje, pulofesa wa ku Ibadan ku Nigeria, anafunsa funso losavuta. Popeza anthu akupita kale kwa asing'anga ndi kwa azibusa, ndipo sasiya, bwanji a zaumoyo awatsatire komweko? Kafukufuku wake wotchedwa COSIMPO anachitika ku Ibadan ndi ku Kumasi m'dziko la Ghana, ndipo anatuluka m'magazini ya The Lancet mu 2020. Odwala 307 a matenda osokoneza mutu, onse ogonekedwa kwa asing'anga kapena kumalo a mapemphero. Pa gulu limodzi, ogwira ntchito zaumoyo a pa kiliniki yapafupi ankabwera kawirikawiri, kudzaona odwala, kupereka mankhwala ndi kukambirana ndi mwini maloyo. Sanamuuze kuti asiye kupemphera kapena kuti chikhulupiriro chake n'chabodza. Patatha miyezi 6, odwala a gulu limeneli anali bwino kwambiri poyerekeza ndi a gulu linalo.

Maganizo anga pa izi ndi awa, ndipo ena mutsutsa. Sindikuona kuti kafukufukuyu akutsimikizira kuti mizimu kapena ufiti ndi zimene zimadwalitsa. Akuonetsa kuti kukangana za chimene chayambitsa kungathe kudikira, koma chithandizo sichingadikire. Ngati amayi anu akufuna mchimwene wanu apemphereredwe, apemphereredwe, ndipo mapiritsi amwe. Malire ndi omveka: aliyense amene anena kuti taya mankhwala kusonyeza chikhulupiriro, amene amanga munthu maunyolo, kumumenya kapena kumusalitsa kudya masiku ambiri, ameneyo sali mu timu. Koma m'busa amene angathe kunena kuti mwana wanga, kodi kuchipatala unapita Lachinayi lija, ameneyo akugwira ntchito ya namwino wa ku Seattle uja.

Vuto n'lakuti ambiri a ife, kumene tikukhala, njira yogwirira limodziyi sitidzaipeza yokonzedwa kale. Mupatsidwa mphindi 10 ndi dokotala, pepala la mankhwala, basi. Ndiye zidutswa zake muyenera kuzisonkhanitsa nokha. Musanatuluke m'chipindamo, funsani kuti tionananso liti, ndipo tsikulo lilembedwe pompo. Funsani kuti ndikapanda kusintha pakatha masabata angati tichite china, ndipo chinacho n'chiyani. Akakupatsani fomu ya mafunso 9 ija, funsani nambala yanu muisunge mu foni, kuti ulendo wotsatira mudzakhale ndi poyerekeza. Nambalayo si dzina la matenda, ndi sikelo chabe, koma sikelo imathandiza pamene inuyo simukutha kuona ngati mukusintha. Fotokozani m'mawu anu, ndipo ngati mwanena za maloto kapena za pemphero, onjezerani kuti kwathu izi n'zachizolowezi, kapena kuti izi ngakhale kwathu angadabwe nazo. Kusiyana kumeneko dokotala akukufuna kwambiri. Nenaninso zoona za mowa ndi chamba, komanso za mankhwala azitsamba amene akutumizirani, chifukwa zimasintha chiweruzo chake. Ndipo mankhwala musasiye mwadzidzidzi, ngakhale mukumva bwino. Ambiri amafunika kutsitsa pang'onopang'ono.

Kenako sankhani munthu mmodzi. Osati gulu lonse la WhatsApp, mmodzi. Mnzanu wa kuntchito, mlongo wanu, wa kutchalitchi. Mumuuze tsiku limene mukubwerera kwa dokotala, ndipo mumupatse chilolezo chokuvutitsani. Ngati inuyo ndi amene mwasankhidwa, ntchito yanu si kuchiritsa munthu kapena kumulalikira. Ikani chikumbutso mu foni, muimbe, ndipo akapanda kuyankha muimbenso mawa. Ine pa kalendala yanga pali dzina limodzi lotere, Lamlungu lililonse madzulo. Nthawi zambiri timangokamba za mpira, koma funso lija ndimafunsa.

Kwa amene muli ku England, kulembetsa kwa GP sikufuna kuti muonetse mapepala a imigireshoni, ndipo mukhoza kupempha womasulira. Uphungu wa NHS Talking Therapies ndi waulere, ndipo mukhoza kudzilembetsa nokha pa intaneti osadikira kuti GP akutumizeni. Ngati zafika poipa usiku uno, ku Britain imbani a Samaritans pa 116 123, ku America 988, ku South Africa a SADAG pa 0800 567 567. Ngati munthu wadzivulaza kale, imbani nambala ya ambulansi ya dziko limene muli.

Sabata yamawa tikamba za mayunifomu, fizi ndi ndalama zotumiza kumudzi mwezi wotsegulira sukulu. Tumizani mafunso anu, mayina sititchula.